Supuni ya Mwini Wake Wakufa

Lolemba, 4 Malichi 1974

Tsiku lachisanu ndi chinayi lopanda mchere. Dokotala akuti magazi anga akuthamanga. Mpongozi wanga, amene ndi namwino, wabisa mchere, ndipo munthu satsutsana ndi mpongozi. Ndiwo zili ngati madzi otsukira mbale.

Dokotala ali ndi chifukwa chake. Ine ndili ndi changa, ndipo ndikuchilemba kamodzi kokha.

Pa nkhondo yachiwiri, sitima yathu popita ku Madagascar inaima masiku anayi pa kachilumba kena. Kumeneko munthu akamwalira amapachika supuni yake pamtengo wa m'mbali mwa nyanja, kuti azidyera paulendo. Ine yanga ndinali nditataya, ndipo sajeni wathu sankamva za katundu wosowa. Ndinathyola imodzi ngati chipatso. Mayi wina wachikulire anandiona, nayankhula. Womasulira anati, "Akuti udzadya, koma sudzamva kukoma."

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndadyera supuni imeneyi. Tsopano mawu aja andipeza kuno kutsidya kwa nyanja, ku Scarborough, m'nyumba yosanja. Sabata ino supuni ibwerera kwawo.

Lachiwiri, 5 Malichi

Mwana wanga Eneya wabwera ndi buku la mapu. Zilumba zake zili ngati zitosi za ntchentche. Akufuna dzina. Ife asilikali wamba sitinkauzidwa maina. Tinkauzidwa "tsikani" ndi "kwerani."

Zimene ndikukumbukira:
Mileme yaikulu ngati nkhuku.
Mzinga wadzimbiri wa Afalansa, atamangirirapo mbuzi.
Mtengo uja sauloza ndi chala, amauloza ndi chigongono.

Eneya akuti, "Adadi, mileme siili pamapu. Mungoifogeta nkhaniyi."

Ndinagulitsa ng'ombe kuti aphunzire kundiyankha chonchi!

Lachitatu, 6 Malichi

Ku positi. Supuni ndaikulunga m'nsalu yoyera, ndaika m'kabokosi. Pamwamba ndalemba ndi dzanja langa: Kwa Akuluakulu, Chilumba cha Mileme, pafupi ndi Madagascar.

Mayi wa pakauntala ndi waulemu. Akufunsa dziko. Ndikuti chilumba. Akufunsa chilumba chiti. Ndikumuuza za mzinga ndi mbuzi. Akuitana mnzake. Mnzakeyo akufunsa ngati pali wina amene ndabwera naye. Kumbuyo kwanga mzere wafika pakhomo, ndipo aliyense akutsokomola mwaulemu.

Kabokosi ndabwera nako. Madzulo nyemba zopanda mchere.

Lachinayi, 7 Malichi

Eneya wapeza mzungu wa ku yunivesite amene akuti amadziwa zilumba zonse za m'nyanja imeneyo. Takwera basi, kenako sitima ya pansi pa nthaka, kenako masitepe. Munthu wake wandevu, wopanda tayi.

Dzina la chilumba sakulidziwa. Akuti zikhoza kukhala zinayi, kapena zisanu ndi ziwiri. Koma watsegula makina ojambula mawu. Akufuna nthano. Akufuna kudziwa ngati anthu a pachilumbacho ankavina, ngati ndinaona mizimu, ngati ndingayimbeko nyimbo yawo. Ine ndinapita kukanyamula mabokosi a zipolopolo, sindinapite kukayimba.

Watembenuza supuni, waona kachizindikiro kumchira. Akuseka. Akuti ndi ya asilikali a Angerezi, ya nkhondo yoyamba. Akuti, "Tsono wakufayo nayenso anaitola kwa wina!"

Ndamuuza kudzera mwa Eneya kuti mwini supuni ndi amene anamwalira akudyera. Eneya wamasulira mwachidule kwambiri. Ndamuona.

Mzungu akupempha kuti aiike m'kabati yagalasi, alembepo dzina langa. Kuti mzinda wonse udziwe wakuba! Ndakana.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndaganiza ndekha. Madzi onse amakumana. Nyanja ya pano imatsira mumtsinje, mtsinje umatsira m'nyanja yamchere, ndipo akufa sasowa njira.

Ndavala majasi awiri. Ndafika kugombe masana. Ndavula chipewa, ndapepesa m'mawu ochepa, ndaponya ndi mphamvu zanga zonse.

Madzi a m'mphepete ndi oundana. Supuni yalira ngwee, yatsetsereka, yaima poonekera.

Galu! Wakuda, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Wathamanga, waitola, waiika pa nsapato yanga. Ndaponyanso. Wabweretsanso. Mwini wake, mayi wa chipewa chofiira, akuti, "He likes you!"

Kachitatu sindinaponye. Munthu wa zaka zanga sasewera ndi galu pagulu.

Loweruka, 9 Malichi

Chilumba palibe, koma mitengo ilipo. Kuseri kwa nyumba yathu, poimika magalimoto, pali umodzi wopanda tsamba. M'mawa ndamangirirapo supuni ndi chingwe cha nsapato. Ndauloza ndi chigongono. Ndabwerera m'nyumba mtima uli m'malo.

Nthawi ya chakudya, kugogoda. Woyang'anira nyumba, Mpwitikizi wamfupi, supuni ili m'manja, ataipukuta mpaka kunyezimira. Akuti anandiona pawindo. Akuti malamulo salola kupachika zinthu m'mitengo, ngakhale zovala.

Mpongozi wailandira ndi manja awiri, wathokoza, waitsuka ndi sopo, waiika pambali pa mbale yanga. Akuti, "Bambo, muzidya, chikuzizira."

Ndadya.

Lamulungu, 10 Malichi

Kutchalitchi. Ulaliki wautali, wa Chingerezi. Ndamvapo "Amen."

Positi yakana. Wophunzira waseka. Nyanja yabweza, mtengo wabweza. Ndaleka. Mpongozi akuti za mchere n'za moyo wanga wonse, ndipo ndikukhulupirira kuti akunena zoona, pakuti iye ndi mayi wa pachilumba uja sanakumanepo koma akugwirizana.

Ndaitana Eneya, ndamukhazika pansi, ndamuuza kuti asamasulire, angomva. Tsiku langa likadzafika, kaya kuno kaya kwathu ku Ntcheu, supuni iyi adzaiike m'thumba la jekete yanga, la kumanja.

Akuti, "Adadi, chifukwa chiyani?"

Adiresi ya mwini supuni sindikuidziwa. Koma kumene ali ndikupita komweko. Ndikam'patsa pamanja.