Nkhondo ya Nankafumbwe wa M'mlengalenga

M'chaka chimene magetsi ankabwera ku Nabvutika ngati mlendo wodutsa, Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, anakhala pansi akuluakulu awiri kuonera filimu pa tiviyo: Jethro Mwale, Mkango wa Choko, amene anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu osagonjera mwana aliyense, ndi mlamu wake Enoch wa ku Chipangali, Mwini Nkhokwe Zisanu. M'filimumo anthu anauluka m'chombo zaka mazana awiri, nakabzala pa dziko lina chimanga chimene ananyamula.

Enoch anaimirira. "Alamu, ili ndi bodza. Chimanga zaka mazana awiri, chopanda mankhwala, nankafumbwe osachigwira? Ine changa miyezi itatu chimasanduka ufa."

"Kumwamba kulibe mpweya," anatero Jethro, chala chili m'mwamba. "Nankafumbwe angapume chiyani?"

"Nanga anthuwo amapuma chiyani?"

Apa Mkango unangotchula zoti ena sukulu anailekezera panjira. Enoch anavala chipewa, nalumbira kuti sadzapondanso pakhomo pa Jethro kufikira nankafumbwe atapatsidwa ulemu wake. Tsoka lake, Loweruka linali chinkhoswe cha Tawina, mwana wa Jethro, ndipo wolandira akuchimuna anali malume ake, Enoch yemweyo.

Masiku anayi nkhondo inayaka pa foni. Jethro anatumiza zojambula za chombo; Enoch anatumiza chithunzi cha thumba lofumbwa. Tawina analeka kudya, ndipo Jethro zinamupweteka mumtima, koma kugonja sankakudziwa.

Lachisanu Tawina anakatenga malume ake mowachonderera, nawakhazika onse awiri, naimitsa filimu pamene pankaoneka matumba a mbewu.

"Amalume, taonani apa."

Pathumba lina panali kadontho kakuda. Enoch anasendera pafupi, mphuno kugunda galasi la tiviyo.

"Ndi yemweyo," anatero. "Anafika."

Jethro anakadziwa bwino kadonthoko: chinali chitosi cha ntchentche, chimene chinakhala pagalasipo chiyambire Khirisimasi. Sayansi yonse inakwera kukhosi kwake. Anayang'ana mwana wake, naimeza.

"Ndiye kuti filimu sinaname, alamu."

"Sinaname. Ndipo nankafumbwe sagonja."

Anagwirana chanza, naimba nyimbo yoyamika, ndime zonse zisanu. Chinkhoswe chinayenda bwino. Mpaka lero Lettie, mkazi wa Jethro, amapukuta nyumba yonse, koma ngodya ya kumanzere ya tiviyo saloledwa kuikhudza.