Che Anwari ndi Timu ya Paipi

Che Anwari sankapereka chinthu kwa munthu woima. Amalawi tonse a ku Al Hilal, kuno ku Doha, tinkadziwa zimenezo. Ukawapempha tchaja, ankakuuza kuti uyambe kuthamanga, dzanja kumbuyo, maso kutsogolo, iwo n'kumabwera pambuyo pako ali wefuwefu mpaka kukumenyetsa tchajayo pachikhatho. Makiyi, mchere, ngakhale kapu ya tiyi wotentha, lamulo linali lomwelo. Ine chipsera ndili nacho.

Anali dalaivala wa panyumba ina, bambo wa ku Machinga, wa mimba yomwe inkayamba kulowa m'nyumba eni ake akadali pakhonde. Matendawa anawatenga chaka chimene mpikisano wa othamanga a dziko lonse unachitikira kuno. Anaperekeza ana a bwana ku sitediyamu, n'kuona liwiro lopatsirana kamtengo, la amuna awiri ndi akazi awiri. Anabwerako ali munthu wina.

Kuyambira pamenepo tinkachita kuwazemba. Ukangoti "Mwaswera bwanji?" basi, dziwa kuti tiyi wako wazizira. Ankakonda kusimba za mpikisano wakale umene Africa yense ankavala malaya amodzi, kukalimbana ndi a ku Ulaya ndi a ku America.

"Kumeneko, mphwanga, ngakhale womaliza ankabweretsa pointi," ankandiuza. "Bola wafika. Timu ndi imeneyo!"

"Nanga Amalawife tinabweretsapo zingati?"

"Wallahi, awa ndi mafunso a munthu wopanda training."

Kenaka kunamveka kuti pa tsiku la masewera la dziko lino antchito adzapikisana pa paki ina, mtundu ndi mtundu. Akenya anali ndi timu yawo, a ku Uganda ndi a ku Nepal chimodzimodzi. Che Anwari anadula chidutswa cha paipi yothirira maluwa kuti chikhale kamtengo kathu, n'kudzisankha okha kukhala kochi, kaputeni komanso wothamanga womaliza. Ine anandiikamo osandifunsa. Maliyamu, mnzathu wogwira ntchito ku hotela, anavomera chifukwa chotopa ndi kukana. Kunatsala kupeza mkazi mmodzi.

Ku Al Markhiya kunali mayi wina wa ku Balaka, Walije, wantchito wa m'nyumba, yemwe chifikireni anali asanatulukepo pageti. Tsiku lopuma analibe, foni yake inkasungidwa ndi bwana wamkazi, ndipo kumudzi anasiya mwana wamng'ono. Tonse tinkadziwa, tonse tinkangopukusa mitu n'kumapita. Che Anwari anavala jekete dzuwa lili phwee, anakoleka wezulo m'khosi, n'kukaliza belu. Ine ndinaima kumbuyo kwawo nditagwira paipi.

"Madam, ndine kochi wa Malawi. Tabwera kudzatenga athlete wathu."

"Mafi, kulibe athlete. Muno muli housemaid."

"Madam, ndiloleni ndiyambire pachiyambi."

Anayambiradi pachiyambi. Chizungu chothyokathyoka, Chiarabu chotola m'galimoto, ndipo mawu akawathera ankathamanga mozungulira mphika wa maluwa kuti madam aone ndi maso. Lachisanu lotsatira, tsiku lathu lopuma, anapitanso. Linalo anapitanso, atanyamula mbiri ina yatsopano. Potsiriza madam anagwira mutu.

"Khalas, basi! Yalla, mtengeni! Koma dzuwa lisanalowe akhale atabwera."

Walije anatuluka akuyenda m'mbali mwa mpanda ngati nkhuku yachilendo.

Zokonzekera zathu sizinali zoti n'kuuza Akenya. Tinkathamanga pang'ono, paipi n'kugwa, kochi n'kuyamba kutsokomola, kenaka tonse n'kukhala pa udzu kudya mandasi a Maliyamu. Apo Che Anwari ankatulutsa foni yawo n'kumupatsa Walije. Iyeyo yekha sankamuthamangitsa pomupatsa chinthu. Ankapita nayo kuseri kwa mtengo wa kanjedza kukaimbira mwana wake, ife n'kumakweza nkhani kuti tisamve kulira.

"Che Anwari, tikapambana bwanji ndi practice yotereyi?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Kupambana? Tifike kaye tonse anayi, inshallah."

Tinafikadi. Pa tsiku la mpikisano Che Anwari anamaliza oyang'anira akupinda kale zingwe, koma anakweza paipi m'mwamba ngati atenga chikho. Kwa madam anakanena kuti timu ikufunika kukonzekera kwambiri chaka chonse, ndipo aliyense amene anationa tikuthamanga sakanatsutsa.

Anamwalira m'nyengo yotentha yapitayi. Unali mtima. Anali m'galimoto akudikira ana a bwana pageti la sukulu, ndipo anawo atabwera anayesa kuti angogona. Tinawaika konkuno, mumchenga, kutali ndi Machinga. Tikulandirana jeneza, chonyamulira maliro, phewa ndi phewa, wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Osagwetsa, kochi akuona." Tinaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi.

Lachisanu lotsatira ine ndi Maliyamu tinapita ku Al Markhiya. Ndinaliza belu.

"Madam, practice."

"Ndamva kuti kochi wanu anafa. Allah yarhamu, Mulungu amuchitire chifundo. Ndiye practice ya chiyani?"

Geti linatsekedwa. Tabwererako kangapo, yankho ndi lomwelo.

Al Hilal masiku ano yangoti zii. Lachisanu aliyense amadzitsekera m'kachipinda kake, ndipo tikakumana panjira moni amatha msanga. Ndimawasowa bambo aja, ndipo zimandipweteka. Achibale a Walije anapeza nambala yanga, moti mwana uja tsopano amaimbira ine. Amafunsa ngati amayi ake ali pafupi. Ndimamuuza kuti akadali ku ntchito.