Apongozi Analankhula pa Khoma

Ndikamva munthu akuti makina afewetsa ntchito ya uphunzitsi, ndimangomuyang'ana. Ineyo anandifewetsa mpaka ndinatsala ngati futali.

Ndimaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina kuno ku Chezi, ndipo ndili pa chikamwini. Chaka chathachi ndinatumiza mawu kwa atsibweni a mkazi wanga kupempha chitengwa, kuti banja ndipite nalo kwathu ku Malomo. Anayankha kuti aona kaye ngati ndingathe kudyetsa mwana wawo. Mayeso ake anali munda wa m'mbali mwa phiri umene apongozi aakazi anandipatsa. Ndinaunga mizere yolunjika kumunsi (ukamatero ntchito imatha msanga), n'kuuza mkazi wanga akawauze mayi ake kuti ndiwo ulimi wamakono. Mvula itabwera, chimanga chinatsetserekera kudambo limodzi ndi feteleza. Ndinati n'kusintha kwa nyengo, ndipo apongozi sananene kanthu. Paja mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire.

Nyengo yomweyo aphunzitsi tinaitanidwa ku Dowa Boma kukamva za kaphunzitsidwe katsopano. Anatiuza kuti ana azidzifunsa okha mafunso, azifufuza okha ndi matabuleti (timakompyuta tam'manja), maphunziro azilowana, mphunzitsi azingoperekeza. Mfundo yomalizayi ndinailandira ndi manja awiri.

Ana a Fomu 3 anasankha funso lawo: n'chifukwa chiyani zigwembe zikuchuluka m'mapiri mwathu? Mphunzitsi wa masamu anawaonetsa kuyeza kutsetsereka kwa malo, wa zaulimi anawafotokozera za akalozera, wa Chichewa anawaphunzitsa kufunsa akuluakulu mwaulemu. Ine ndinawalimbitsa mtima. Ndinawauza kuti wofufuza weniweni saopa munthu, ndipo chilichonse chimene wanena amachibweretsera umboni. Atanyamuka ndi matabuleti awo, ndinawaperekeza ndili khale pansi pa mtengo wa mango. Zimene anajambula sindinazione n'komwe, poti mphunzitsi wamakono salowerera.

Tsiku loonetsa makolo, ndinatuma mkazi wanga kukaitana apongozi ndi atsibweni, adzaone okha kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu. Anakhala pa benchi yakutsogolo. Ine ndinaima pambali pa pulojekita, tayi pakhosi, chifuwa patsogolo.

Mtsikana wotsogolera gulu, Tadala, anayamba ndi minda yosamalidwa bwino, anthu n'kumawomba m'manja. Kenako anati tsopano tione munda umene waposa yonse pa kukokoloka kwa nthaka. Chithunzi chitatuluka, ndinazindikira msuku wa pakati pa mundawo. Ndinadzitonthoza kuti misuku ilipo yambiri m'Dowa muno.

"Monga anatiphunzitsira aphunzitsi athu, tabwera ndi umboni," anatero Tadala.

Pa khoma panatulukira nkhope ya apongozi, yaikulu ngati chitseko, ikundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni. Tsiku limene ankajambulidwalo iwo ankayesa akungocheza ndi ana.

"Munda ndi wanga, koma anaunga ndi akamwini, aphunzitsi anu omwewo," anatero apongozi a pa khomawo. "Akuti n'zamakono. Ine kuwauza sindingathe, ndi akamwini. Koma mizere imeneyi ngakhale mbuzi zikamadutsa zimaima kaye."

Ndinathamangira kuti ndizimitse, chala n'kukapeza batani lokweza mawu. Motero holo yonse, mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa panja, inamva bwinobwino apongozi akufunsa kuti chitengwa ndikufunacho, kwathuko mwana wawo azikadya jogalafe kodi. Apongozi enieni anali atafunda chitenje kumutu. Atsibweni ankayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka. Manyazi amene ndinachita, ndinalakalaka nthaka itandikokolola nanenso.

A hedi anaimirira n'kundiyamikira kuti ndine mphunzitsi wodzipereka, wolola munda wake womwe kukhala chitsanzo. Anawonjezera kuti ntchito yabwino chonchi isathere pano, tikaionetsenso ku Boma. Makolo anavomera ndi nthungululu.

Yankho la chitengwa linabwera ndi mkazi wanga madzulo ake, akusenda mtedza osandiyang'ana. Atsibweni akuti palibe choletsa, kungoti popeza ndine munthu wokonda umboni, nawonso adikira umboni wa m'nkhokwe.

"Ndiye aona liti?" ndinafunsa.

"Akuti muungenso kaye. Ana anu omwewo adzabwera kudzayeza."

Ndikulemba pano ndidakali mkamwini, manja ali matuza okhaokha, mizere ikupingasa phiri monga ana anga anandilangizira. Ana azifufuza ndithu, ine sindikana. Koma chaka chino funso ndawasankhira ndekha, ndipo ndi lokhudza mwezi wakumwambawu.