Njinga ya Akamwini

Lolemba

Zatheka! Loweruka ndikukwera njinga!

Zaka zitatu ndili kuno kunja, mu Beaumont Leys ku Leicester, ngati mphaka wa m'nyumba. Malire anga ndi kumashopu, basi, kubwerera. Tamanda, mwana amene ndinkamukweza pa kaliyala popita kusikelo, lero ndi nesi, ndiye akuti bipi yanga siyilola kuti ndiziyenda ndekha. Kuphunzitsa mwana n'kudzipalira makala.

Koma lero patebulo akamwini atchula zoti gulu lawo la njinga likupita kumidzi, njira za m'tchire, mpaka kumunda wa mphesa kumene amapanga vinyo. Ine ndati ndikubwera nawo. Masupuni onse aima.

Tamanda akuti, "Adadi, kuno si ku Ntcheu."

Ndamuuza. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinkatsika ku Tsangano ndi matumba awiri a kachewere, buleki ili nkhwaila pa tayala. Anyamata awa amakwera njinga yopanda katundu n'kumajambulitsa!

Pangano lake ndi ili:
- ndikakafika kumunda wa mphesa ndili pa chishalo, limodzi ndi gulu, njinga yakale ya akamwini ndi yanga, ndiziyenda ndekha kulikonse
- akakanditola pa galimoto, nkhani ya njinga yatha, osadzaitchulanso

Tagwirana chanza. Akamwini ndiwo mboni.

Ku Belgrave ndekha! Ku Spinney Hill kukagula nyama ya mbuzi ndekha, osadikira kuti munthu akhale pa ofu!

Lachiwiri

Ayitsitsa pakhoma la galaja. Njinga kuipachika pakhoma ngati kalendala!

Zimene ilibe: kaliyala, belu, madigadi, sitandi.

Zimene ili nazo: magiya osawerengeka, matayala onenepa ngati a thirakitala, ndi kachishalo kowonda ngati mpeni wa buledi.

Ndainyamula ndi dzanja limodzi. Njinga yopepuka chonchi ndi ya munthu wopanda ntchito. Akuti ndi njinga ya m'mapiri. Ndafunsa kuti phirilo lili kuti. Akamwini aloza uko. Ndayang'anitsitsa. Chulu.

Iwo atapita kushifiti ndaiyesa pamsewu wa kuseri. Amayo! Ikuuluka! Mphepo m'makutu, jekete pepelepe! Miyendo sinaiwale ayi. Ndafuula ngati mwana.

Kenako ndagwira buleki mmene ndinkagwirira yanga yakale, ndi mphamvu zonse za dzanja. Njinga yaima pomwepo. Ine sindinaime.

Mabini a anzathu oyandikana nawo ndawadzutsa, zinyalala ndabwezeramo. Waona ndi mayi mmodzi yekha, pawindo. Ndamuikira chala pakamwa, wagwedeza mutu. Chigongono chili mu juzi, ndipo chikhala momwemo mpaka Loweruka.

Lachitatu

Munthu sungapite kumunda n'kubwerako chimanjamanja. Pakufunika kaliyala.

Onse ali kuntchito, ndiye ndagwira ndekha. Waya ndachotsa mu uvuni. Chubu ndachipeza m'kabokosi mu galaja, ndachidula malegeni abwinobwino, asanu ndi limodzi. Ndamanga, ndakoka, ndamanganso. Ndayesa ndi thumba la mpunga. Nga! Yalimba! Imeneyi tsopano ndi njinga. Ngakhale munthu wamimba ungamufikitse kuchipatala.

Akamwini abwera madzulo. Ayang'ana njinga. Ayang'ana kabokosi. Atola kachidutswa ka chubu kotsala n'kukagwira ngati nkhuku yakufa. Kukalipira apongozi sangathe, ndiye angoti, "Adadi, chimenechi chinali chatsopano."

Tamanda alibe ulemu woterowo. "Waya wanga wa mu uvuni uli kuti?"

Kaliyala yamasulidwa.

Zina zimene ndamva lero:
- mphesa zake suthyola
- umangoyenda pambuyo pa mwini munda, iye akulankhula
- pamapeto amakuthirira vinyo wongonyowetsa pansi pa tambula, ndipo uyambe wamununkhiza

Kupalasa mtunda wonsewo kukanunkhiza! Palibe kanthu. Ine sindikufuna mphesa, ndikufuna njinga.

Lachinayi

Akamwini atuluka kuchipinda atavala kabudula womata thupi. Zonse poyera. Ndayang'ana kudenga mpaka khosi kuwawa. Munthu ndi mkamwini wake saonana chonchi!

Andibweretsera wanganso. Kumatako anasokerako kapilo. Thewera! Pa msinkhu wanga! Ndakana.

Zovala zanga ndi izi: thalauza la suti lolowetsa m'masokosi, jekete, nsapato za kutchalitchi. Pa helemeti pokha ndagonja, chifukwa Tamanda anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

Takayeserera kupaki. Kwabwera mnzawo wa ku Zambia, Sakala, amene amasamalira nkhalamba kunyumba ya okalamba. Wandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Madala, muzakwanisa? Ni patali maningi ka."

Ndamudikira pa chitunda. Iye ali kalikiliki kusintha magiya, khetekhete, ine ndangoimirira pa mapedulo n'kumudutsa ngati waima! Giya imodzi! Ndi nsapato za kutchalitchi!

Pamwamba mpweya wandithera. Maso achita mdima. Ndagwada n'kumayang'ana tcheni ngati chavuta. Tcheni chilibe vuto. Ndachiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

Koma ndamudutsa!

Lachisanu

Zimene zikuwawa: ntchafu, msana, chigongono, khosi, ndi pamalo pokhalira.

Zimene sizikuwawa: makutu.

Masitepe ndikutsika chobwerera m'mbuyo, pakakhala palibe akuona.

Tamanda wandimanga chija chopopa pamkono. Ndatseka maso, ndaganizira ng'ombe zikudya msipu. Wayang'ana manambala, wandiyang'ana ine, wapopanso. "Mwapulumukira pang'ono." Kupulumuka ndi kupulumuka basi!

Thewera lija ndalitenga mwakachetechete. Lilowa mkati mwa thalauza. Asadziwe munthu.

Dongosolo la mawa: vani itinyamula ndi njinga zathu mpaka mudzi woyamba. Midzi isanu ndi umodzi, kenako munda. Tikafike isanakwane thu koloko, chifukwa mwini munda sadikira. Tamanda adzera msewu waukulu pa galimoto, tikamupeza komweko. Akuti, "Foni ikalira, ndidziwa kuti ndikukatola katundu."

Katundu ndine.

Ndawiritsa mazira anayi. Poika palibe, ndiye alowa m'matumba a jekete. Nsapato ndapolisha. Mawa! Mawa Tamanda aona!

Loweruka

Ndilembe zonse mmene zayendera, ndisanayambe kudzikometsera.

Tilipo asanu ndi atatu. Dziko lokongola! Nkhosa zonenepa ngati ana a ng'ombe. Nyumba zamiyala zakalekale, zina zofolera ndi udzu. Udzu ngati kwathu, koma akuti kuno ndi za anthu olemera! Ndaseka mpaka njinga kupepera. Njira ya m'munda, matope, kachipata, kutsetsereka, kachipata kena. Ndili wachitatu! Sakala ali kumbuyo!

Ndiye tatulukira pa kamsewu katala. Pakati pa msewu payalidwa masamba ndi tinthambi.

Mwendo watsika wokha. Helemeti m'manja. Ndikukankha, mutu pansi.

Akamwini akuti, "Adadi, si maliro. Ndi thirakitala yadula mpanda wa m'mbali mwa msewu."

Chabwino. Takwera. Patsogolo pang'ono, masamba ena. Ndatsikanso. Mutu wamva, mwendo sunamve. Kwathu masamba pamsewu ndiye kuti pali zovuta, ndipo wodutsa ali pa chishalo amamugwetsa, nkhuku n'kulipira. Zaka zonsezi, lero ndiyambe kuwaponda?

Akamwini sangapalase apongozi awo akuyenda pansi, ndiye nawonso akutsika. Sakala akuseka. "Tizafika mailo, madala!" Mailo kwawoko ndi mawa.

Mudzi wachiwiri: manda pakati penipeni pa mudzi, m'mbali mwa msewu, moyang'anana ndi nyumba yomwera mowa. Opanda ndi mitengo yomwe yowabisa! Ndatsika. Mudzi wachitatu chimodzimodzi. Anthu awa amagoneka akufa awo pamsewu ngati tomato. Wachinayi ndatsikanso. Gulu latopa, latsogola. Tatsala awiri, ine ndi akamwini.

Wani koloko yadutsa. Ndalumbira kuti sinditsikanso. Masamba ena awo! Ndaluma mano, ndati pepani pepani, ndadutsa. Sindinafe! Tikuthamanga tsopano, matope mpaka kumsana. Akamwini akufuula kuti tifika, adadi, tifika!

Mudzi wachisanu. Msewu woyera, wopanda ndi tsamba limodzi lomwe.

Koma pachipata cha tchalitchi pali galimoto yakuda yaitali. Bokosi likutsitsidwa. Onyamula ndi anthu aganyu, amaoneka. Ndawerenga operekeza: asanu. Asanu! Palibe nyimbo, palibe kulira. Kumbuyo kwa bokosi gogo mmodzi wamkazi, ndi ndodo.

Masamba opanda maliro ndatsikira. Maliro opanda masamba ndidutse?

Akamwini akunong'ona, "Adadi, sitikuwadziwa. Nthawi yatha."

Ndati maliro safuna kudziwana. Ndatsamiritsa njinga pa mpanda.

Iwo atsala panja kulondera njinga, chifukwa ndi kabudula uja sangalowe m'nyumba ya Mulungu. Ine ndangotulutsa thalauza m'masokosi, ndapukuta nsapato pa udzu. Wovala bwino ndinali ine!

Ndakhala kumbuyo, helemeti pamiyendo. Mkati mozizira ngati mufiliji, mabenchi mbwee, anthu mulibe. Ayamba nyimbo, mawu osamveka, ngati akuopa kudzutsa malemuwo. Koma mayimbidwe ake ndikuwadziwa, timayimba kwathu! Ndaitenga m'Chichewa, besi yonse. Abusa adzidzimuka. Gogo uja watembenuka, wandiyang'ana, wandikodola kuti ndisendere. Ndasendera. Tayimba mavesi onse, iye m'chake, ine m'changa.

Kumanda ndaponya nawo dothi. Malemu anali mchimwene wake, ndiye ankaliza belu la tchalitchicho mpaka manja atafooka. Kenako tiyi mu holo, ndi tibuledi tating'ono todula makona atatu. Mazira anga ndawaika pa mbale, pamaliro supita chimanjamanja. Awiri anali ophwanyika. Adya.

Gogoyo wandigwira dzanja, akufunsa kuti mchimwene wake ndinadziwana naye kuti. Ndi Chizungu changa cha sitandade folo ndati sindimudziwa, ndimangodutsa. Waseka, waseka, mpaka kuseka kwasanduka kulira. Ndiye ndamusiya alire. Wina anayenera kulira basi.

Potuluka, koloko ya pa tchalitchi ikuti hafu pasiti fili. Pachipata pali galimoto ya Tamanda. Njinga aikweza kale kumbuyo.

Lamulungu

Yabwerera pakhoma. Akamwini aitsuka, aipachika, osandiyang'ana kumaso.

Ndayesa kudandaula mlandu. Sindinatope. Sindinagwe. Bipi sinakwere. Mudzi umodzi wokha unatsala!

Tamanda akuti, "Pangano ndi pangano, adadi. Ndipo inu mukamayenda nokha muzikhuza maliro a Leicester yense, ife tizikusakani ndi apolisi."

Ndi zoona.

Munda wa mphesa ndauona pa foni ya Sakala. Mizere ya timitengo pa mawaya, ngati nyemba. Wanditumizira kaphava kamodzi kamene anapempha kwa mwini munda. Tating'ono, towawasa. Ndadya tonse.

Kutchalitchi sindinapite, miyendo yakana. Ndakhala pawindo. Mabasi akudutsa, ena a ku Belgrave. Adutse.

Masana ndamuitana Tamanda. Ndati za njinga sinditchulanso, ndinalonjeza. Koma tsiku langa likadzandipeza kuno, udzathyole nthambi, udzayale pamsewu apa, uku ndi uku.

Akuti, "Adadi, a khonsolo adzasesa."

Adzasese. Bola asanasese wina adzatsike.