Khomo Lobiriwira la Amalume

Lolemba, pa 5 Meyi

Ndayamba! Amalume ndi azakhali andipatsa sabata imodzi yokha, koma kwa munthu wa digiri ya bizinesi sabata ndi yambiri.

Pangano ndi ili: kachipatala kathu ka pano pa Golomoti ndikayendetse ine mpaka Loweruka. Zikayenda, makiyi amene andibwerekawa ndi anga, ndine manijala. Zikakanika, Lolemba likubwerali ndili ku Bwanje, kuingitsa mbalame mumpunga wa amalume mpaka adzakolole. Ine? Zaka zinayi pa yunivesite kuti ndizikakuwira mpheta? Iyayi.

Mmene zinthu zilili pano, zamanyazi:
- Amalume: mizu, makungwa, masamba.
- Akazi awo, azakhali, namwino wopuma pantchito: kuyeza malungo, BP, shuga, kumanga mabala.
- Nyumba imodzi, khomo limodzi, benchi imodzi pansi pa mtengo wa bwemba.

Aliyense amayamba kwa azakhali, kenako wofuna amapatula katani n'kulowa kwa amalume, n'kudzatulukira khomo lomwelo. Munthu mmodzi ola lathunthu! Kumeneku ndiye kutaya makasitomala.

Yankho ndi lapafupi: makomo awiri, mizere iwiri. Chipinda cha amalume chili ndi khomo lake loyang'ana njira ya kumsika, koma analitseka ndi matumba a makala. Matumba ndachotsa. Pomwe panali katani ndaikapo shelefu.

Amalume akuti: "Mphwanga, khomolo tinatseka dala."

Sindikufunsa chifukwa. Achikulire amakana chilichonse chatsopano.

Lachiwiri, pa 6 Meyi

Kukongola! Khomo la azakhali penti yoyera, pamwamba ZA KUCHIPATALA. La amalume penti yobiriwira, ZA ZITSAMBA. Kalipentala wacheka benchi pakati, theka uku, theka uko. Makadi a manambala, oyera ndi obiriwira, ndili nawo m'manja ngati kondakitala.

Zotsatira za tsiku loyamba:
- Khomo loyera: anthu makumi awiri ndi mmodzi.
- Khomo lobiriwira: bambo wina wogulitsa usipa wochokera kutali, wosadziwika ndi aliyense kuno. Komanso mbuzi.

AnaBanda, amene amagulitsa zitumbuwa pansi pa bwemba chiyambire ndili wakhanda, akuti: "A Digiri, mwatithandiza. Kale timangoganizira, tsopano tiziona ndi maso."

Mwaona? Ngakhale iwowa akuyamikira. Zatsopano zimafuna kuzolowera basi.

Lachitatu, pa 7 Meyi

A Gwaza, mkulu wa mpingo, salephera Lachitatu lililonse. Lero akubwera pa njinga, jekete pathupi ndi dzuwa lonseli. Akuchepetsa liwiro. Akuwerenga zikwangwani. Akuyang'ana anaBanda. AnaBanda akuwayang'ananso, chitumbuwa m'manja.

"Ndimafuna pampu," akutero a Gwaza. Tayala lili gwaa.

Adutsa katatu. Kachinayi atenga khadi loyera. Mkati akhalamo mphindi ziwiri, atuluka nkhope ili ngati aphonya basi yomaliza.

Azakhali andikokera pambali: "Iwe, anthu aja BP yawo ndi ya mwana wa sitandade 8. Zaka zisanu ndikuwamanga lamba pamkono kuti apeze podzera. Lero apeza shelefu."

Ndiye vuto ndaliona: anthu sakudziwa ubwino wa khomo lobiriwira. Kusowa kutsatsa! Mutu umenewu ndinakhoza bwino kwambiri m'chaka chachitatu.

Lachinayi, pa 8 Meyi

Chikwangwani chachikulu pa khomo lobiriwira, zilembo zowerengeka uli pa kabaza:
- Msana
- Kutentha pamtima
- Kusowa tulo
- Kusowa mphatso ya mwana
- Mphamvu za abambo m'nyumba

Chomaliza ndachilemba mofiira kuti chikope.

Chakopadi. Pabwera gulu lonse, koma loimirira patali, kuseri kwa beseni la anaBanda. Iwo atembenuza mpando kuyang'ana khomo lobiriwira ngati kanema. Zitumbuwa zatha isanakwane 11. Pa theka la benchi la khomolo palibe wakhalapo. Mphunzitsi wina anangotsamira pamenepo kumanga chingwe cha nsapato, anthu onse phwete!

Amalume akusewera bawo okha, mbali zonse ziwiri, ndipo akuti akuluza. Atapita kuchimbudzi apeza amuna atatu akuwadikira kuseri kwa nthochi, aliyense akunamizira kuti sakuona mnzake.

Azakhali sanadye nkhomaliro. Mzere wawo wafika pa mjigo, ndipo akuti theka la anthuwo alibe chowayeza, akungosuzumira shelefu.

Komabe: anthu ofika pamalo achuluka kuposa kale lonse. Zimenezi ndi zoona, ndazilemba. Pamtima pakunditentha pang'ono. Mwina chitumbuwa.

Lachisanu, pa 9 Meyi

Lero sikunayende bwino kwenikweni.

Wa usipa uja wabweranso, molunjika khomo lobiriwira, akuti mutu ndi msana. Kasitomala wokhulupirika! Ndikumwetulira. Amalume angomugwira pachipumi, n'kufuna katani. Shelefu. Ndiye amugwira mkono, atuluka naye panja, azungulira nyumba pamaso pa gulu lonse, adutsa mzere wonse mpaka kwa azakhali. Kuyeza: malungo, ndipo aakulu. Amukweza kabaza kupita kuchipatala chachikulu.

Amalume sindinawaonepo atakwiya. Lero ndawaona. Sakukuwa ayi, ndiye kuopsa kwake.

"Mphwanga, ine munthu wotentha thupi sindimupatsa muzu asanayezedwe. Katani ija inali ntchito, sinali yokongoletsa."

Ndavomera. Shelefu ndaisuntha pang'ono, munthu angathe kudutsa chammbali atakoka mimba. Koma makomo awiri akhala. Mfundo yake ndi yabwino, chikusowa ndi chinsinsi basi. Kwatsala tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzi ndi lokwana.

Pamtima pakutentha ngati ndameza khala.

Loweruka, pa 10 Meyi

Nzeru! Mpanda wa mphasa kuzungulira benchi yobiriwira. Wokhala mkati saoneka. Mphasa zitatu, nsungwi zinayi, 7 koloko zonse zili chilili.

Ndipo zikugwira! Mmodzi walowa. Wachiwiri. Wachinayi! Ndikuvina mumtima. Makiyi aja ndikuwamva kulira m'thumba ngati anga kale.

Kungoti mphasa zake ndi zazifupi. Pansi patsala mpata wa chikhatho chimodzi ndi theka.

AnaBanda aweramira pang'ono, n'kuyamba kuitana mayina ngati aphunzitsi m'mawa:
- "Masilipasi osiyana mitundu, a kuchigayo amenewo."
- "Chala chopanda chikhadabo, alamu anga."
- "Ii, zakuda zopolisha! Zimene zija zimayenda kutsogolo pa Mgonero!"

Mphasa yagwa. A Gwaza atulukira mbali ya kunthochi, liwiro loti BP yawo ya mwana wa sitandade 8 ija ndaikhulupirira. Njinga aisiya. Enawo abalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Yatsala mbuzi ija, ikudya mphasa.

4 koloko azakhali angotambasula dzanja. Makiyi ndapereka.

Lamulungu, pa 11 Meyi

Kalipentala walumikiza benchi. Pakati pali chipsera cha misomali, ukakhalapo imalira. Matumba a makala abwerera pa khomo lobiriwira, katani yabwerera pamalo pake. Chikwangwani changa azakhali ayanikapo therere.

Za mawa ku Bwanje:
- Zitini khumi, timiyala mkati.
- Chingwe.
- Chipewa cha amalume.
- Mawu okuwira. Digiri ikhala m'sutikesi.

Pamtima ndiye pafika poipa, ngakhale phala likubwerera. Ndipo ndikudziwa amene ali ndi khungwa lake la zimenezi. Ine amene ndakhala ndikunena pagulu kuti sindimwa chinthu chopanda lebulo.

Amalume ndi azakhali akatuluka kutchalitchi amatsegula maola awiri. Ndakhala pa benchi ngati wina aliyense. AnaBanda, ndi yunifolomu ya chigwirizano: "A Manijala, lero mwadwala chiyani?"

"BP."

Azakhali andimanga lamba pamkono, andibaya chala, andifunsa mafunso awo onse. Akuti ndichepetse zitumbuwa ndi nzeru, zikapitirira ndipite kuchipatala chachikulu. Kenako aloza katani ndi chibwano. Amalume sanaseke. Angondithirira m'kapu. Kuwawa kwake, mayo!

Ndatulukira khomo lomwe ndinalowera. Palibe akudziwa kanthu. AnaBanda andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, sanapeze chowerenga.

Pa benchi, pa chipsera penipeni, pakhala a Gwaza. Akuti adzatenga njinga yawo. Njinga ili apo, iwo akudikira mzere.

"BP, mwanawe?"

"BP, abambo. Inunso?"

"Yavuta chaka chino."

Ndawagwirira chitseko.