Khutu la Apongozi ndi Kabokosi ka Kalasi D

Nkhaniyi ndikuuzeni ndekha mkazi wanga asanakupezeni, chifukwa iye akamaifotokoza amathiramo mchere wambiri, ndipo ine ndimatulukamo chitsiru chenicheni. Ndikamafotokoza ndekha ndimatulukamo chitsiru chapakatikati.

Kuno ku Kabwata anthu amandidziwa ndi khutu. Zaka zambiri ndinkakonza mawayilesi pakhonde la sitolo ina ku Kamwala, ndipo maukwati akale ankavinira ampulifaya yanga. (Kwa inu osadziwa, ampulifaya ndi chija chimapatsa nyimbo mphamvu kuti zituluke m'masipika.) Yangayo tinkanyamula anthu awiri, ndipo ikatentha ndinkaumitsapo masokosi. Sukulu ndinalekera panjira, koma malamulo awiri ndinawagwira: chinthu chabwino chimalemera, ndipo chinthu chogwira ntchito chimatentha.

Mwana wanga Tiyamike anakwatiwa ku Kabulonga ndi a Chanda, Mbemba wa ku migodi, munthu waulemu woopsa. Chikwatirire sanandiyang'anepo kumaso. Akamandilonjera amanjuta, maso ali pa nsapato zanga (nsapato zanga amazidziwa kuposa mwini wakene). Matenda awo ndi amodzi: nyimbo. M'nyumba mwawo muli chipinda cha masipika awiri aatali ngati munthu, ndi mpando umodzi pakati penipeni, wosaloledwa kusuntha.

Tsiku lina Tiyamike anandiimbira foni.

"Adadi, mubwele pa Sande. Ba Chanda afuna kugula ampulifaya yanyowani, manje akuti sangagule mukalibe kuimvela imwe."

Mwini wa ampulifayayo anali ba Mwila a ku Woodlands, mkulu wa mpingo wawo. Anawabwereka a Chanda kuti aiyese masiku awiri, ndipo Lamlungu folo koloko amabwera kudzamva yankho, chifukwa kunali munthu winanso amene ankaifuna. Mkamwini wanga anali atailota chaka chathunthu. Tsono maloto onsewo anawapachika pa khutu langa.

M'mawa wa tsikulo khutu langa lakumanzere linkayabwa (ndinali nditalikumba ndi mtengo wa machesi, musandifunse). Amake Tiyamike anathiramo mankhwala a ku kiliniki natsekapo ndi thonje.

"Mukachotse tikakafika," anatero.

"Ndamva, mayi."

Kunkazizira, choncho ndinakokera chipewa changa chaubweya mpaka m'makutu, ndi kukakwera minibasi.

Titafika, azimayi analowera kukhitchini, ife amuna kuchipinda cha masipika. Pansi panali ampulifaya yakale ya a Chanda, chimphona chakuda chokhala ndi nthiti zachitsulo m'mbali. Ndinachilonjera ndi mtima wonse. Kenako ndinayang'ana uku ndi uku.

"Nanga yatsopanoyo ili kuti?"

"Ni iyi, ba Tata," anatero akuloza pa shelefu.

Abale, kabokosi. Kukula kwake ngati Baibulo la paguwa. Ndinakunga mikono kuti ndikanyamule monga tinkanyamulira kale, ndipo kanauluka m'manja mwanga mpaka kutsala pang'ono kundimenya chibwano.

"Muli kanthu umu?"

"Muli, ba Tata. Ni Kalasi D. Sifuna thiransifoma ikulu, siononga malaiti, sipya..."

"Mwati kalasi chiyani?"

"D, ba Tata."

Ndinakhala pansi. Ine D ndimamudziwa bwino, tinakulira limodzi. Pa lipoti langa la kusukulu ankabwera iye ndi abale ake, ndipo bambo anga ankamulandira ndi lamba.

"Mwana wanga," ndinatero, "A alipo, B alipo, C alipo. Inu mwawadutsa onsewo ndi kukatola wolephera?"

A Chanda anayamba kufotokozera nsapato zanga kuti D ameneyu si wa mayeso, ndi dzina chabe la mmene chinthucho chimagwirira ntchito, kuti chimayatsa ndi kuzimitsa magetsi mwachangu choopsa, n'chifukwa chake sichitaya mphamvu ndi kutentha. Ine ndinangogwedeza mutu monga achitira dokotala amene wadziwa kale matenda.

Anandikhazika pa mpando wapakati uja, umene ngakhale mwana wanga sakhalapo. Anaika nyimbo ya mayi wina woimba ndi gitala imodzi. Ndinatsinzina, kukweza chala m'mwamba, kuti ziwoneke kuti ukatswiri uli mkati.

Ndipo ndinamvadi vuto. Apa sindinama. Mayi uja sanali pakati, anathawira kumanja. Kumanzere mawu ankamveka ngati munthu akuimbira m'bulangete.

"Zimitsani. Kumanzere kwafa."

A Chanda anadzidzimuka. Anagwada kuseri kwa shelefu, kusinthanitsa mawaya, wa kumanzere kupita kumanja, wa kumanja kupita kumanzere. Anayatsanso.

"Bwanji manje, ba Tata?"

"Chimodzimodzi. Kumanzere."

"Ba Tata, ngati tachinja mawaya koma vuto ikali ku lefiti, ndiye kuti kapena si ampulifaya, kapena ni..."

"Ine ndayamba kukonza mawayilesi inu musanamere mano."

"Ee, ba Tata."

Munthu wa Mulungu uja anavula jekete nayamba kusinthanitsa masipika enieniwo. Sipika iliyonse ndi yolemera ngati thumba la simenti. Anakoka, anabuula, thukuta kuti chapachapa m'nyengo yozizira, ine ndili pampando mwendo pa unzake kumulangiza kuti apinde mawondo. Atamaliza anayatsa.

"Kumanzere," ndinatero, ndi chisoni cha munthu wolengeza maliro.

Kenako ndinalamula kuti alumikize chimphona chakale chija. Chitangoyaka ndinadzuka pampando, kukaima chammbali, kusanjika dzanja pamsana pake kuti ndimve kufunda. (Taonani bwino: pamene ndinaimapo, khutu lakumanja ndilo linaloza masipika. Izi ndazizindikira pambuyo pake, nditagona chagada kwathu.) Nyimbo inamveka mbee!

"Mwamva? Ichi ndiye chinthu. Chili ndi thupi, chili ndi magazi."

A Chanda anayang'ana kabokosi kawo monga munthu ayang'anira basi imene yamusiya pa siteshoni ya Intercity. Makutu awo ankawauza china, ulemu unkawauza china, ndipo ndinaona ulemu ukupambana.

Folo koloko ba Mwila anafika, atavala suti ya phulusa, akumwetulira.

"Muli shani, ba Chanda? Kanthu kaja kakukondweletsani?"

A Chanda anayang'ana nsapato zanga. "Ba Elda, apongozi akuti..."

"Ndinena ndekha," ndinalowerera. "Bambo, inu ndinu mkulu wa mpingo. Si bwino kugulitsa mwana wa mumpingo mwanu bokosi lopanda matumbo. Mbali imodzi ndi yakufa. Ndipo eni ake anachita kulembapo poyera kuti D."

Kumwetulira kuja kunazima. Ba Mwila anapempha kuti amve okha. Analumikiza kabokosi, kuwerama kuseri kwa mpando wanga, kumvetsera nthawi yaitali.

"Ba Shikulu, ine nimvela bwino mbali zonse."

"Wogulitsa amamva bwino nthawi zonse."

Ba Mwila anatenga katoni yawo nayamba kukulunga waya pang'onopang'ono. A Chanda anaima pakona, manja kumbuyo, akutsanzikana ndi maloto awo.

Nthawi imeneyo, ndikuuzidwa kuti mkazi wanga anali ataima pakhomo, kumanzere kwanga, ndipo anali atandiitana katatu kuti tiyi wazizira. Ndikuti ndikuuzidwa chifukwa ine sindinamve kanthu. Chimene ndinamva ndi chipewa changa chikukwezedwa, zala ziwiri zikulowa m'khutu, kenako dziko lonse lakumanzere kuti pho! kutseguka. Firiji kukhitchini, mbalame panja, mpweya wa ba Mwila.

Amake Tiyamike anakweza thonje lija m'mwamba, lachikasu ndi mankhwala, kuti aliyense alione.

"Woimba amene mumamufuna kumanzere uja ndi uyu, bambo."

A Chanda, amene sanayang'anepo nkhope yanga, nanji m'khutu, anatembenukira kukhoma. Mapewa awo anayamba kugwedezeka ndi phwete. Anayesa kukhosomola, sizinathandize. Anagwada pansi, chipumi pa sipika, misozi ili chuchuchu. Ba Mwila anabisa nkhope m'katoni. Tiyamike anatuluka m'khitchini ndi mpeni m'manja kufunsa ngati wina wakomoka.

"Yatsaninso," ndinatero ndi mawu amene ndinali nawo otsala.

Analumikizanso kabokosi n'kuyatsa. Abale inu! Mayi uja anabwera kudzaima pakati penipeni, patsogolo panga, moti ndikanatha kumupatsa moni wa m'manja. Ndinamva akukoka mpweya asanayambe mzere. Ndinamva chala chikutsetsereka pa waya wa gitala. Ataika nyimbo ya kalindula, besi inagunda pachifuwa ndi kuima pomwepo, osati kulira mokoka monga inkachitira yanga ija. Zaka zonse zimene ndakhala ndi mawayilesi, sindinamvepo chotere.

Koma mkulu sagwa chagada pamaso pa mkamwini.

"Eya," ndinatero, "tsopano yatentha. Zinthu izi zimafuna zitenthe kaye."

Ndinasanjika dzanja pa kabokosi kuti nditsimikize mawu anga. Kanali kozizira ngati mphuno ya galu.

Ndinapepesa kwa ba Mwila chipewa chili m'manja, ndipo anandikhululukira, ngakhale ndamva kuti Sabata lotsatira anaphunzitsa za anthu okhala ndi makutu koma osamva, ndipo a Chanda anatuluka m'tchalitchi kawiri kukamwa madzi. Kabokosi kanatsala ku Kabulonga.

Masiku ano ndimapitako kawirikawiri, ati kukaona adzukulu. Pageti Tiyamike amandivula chipewa ndi kusuzumira mbali zonse ziwiri asanandilole kulowa. A Chanda amanjutabe, koma maso awo anasamuka: achoka pa nsapato, tsopano amakhala pa khutu lakumanzere. Ine ndimakhala pa mpando wapakati mpaka tiyi kuzizira, ndipo ponyamuka ndimakanyamulabe kabokosi kaja kukayeza m'manja. Sikananenepebe. Ndawauza kuti akadzapeza Kalasi A asazengereze kundiitana.