Pulogalamu Yanu Ikakanenso Kumeneko

Kwa Bwana Mkulu wa kampani yopanga pulogalamu ya Penyetsetsani,

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti kalatayi ndailemba pamanja; chifukwa chake muchimva kumapeto. Ndine munthu wamba, koma kuchikazi amanditchula a Digiri. Zoti digiriyo ndi ya mbiri yakale palibe amafuna kumva. Kwa iwo wopita ku koleji amadziwa makompyuta, basi, ndipo ine sindinatsutsepo.

Loweruka apongozi anga aamuna anafika ndi fulashi m'thumba la jekete. Munali kanema wa ukwati wa mwana wawo womaliza, umene sanaupenye chifukwa anali m'chipatala. Ndinawakhazika pampando wabwino, n'kuyatsa kompyuta ndi chala chimodzi, n'kuwauza kuti asavutike n'kuvula jekete, ndi kanthu ka kanthawi. Kanemayo anakana kutseguka, akuti akufuna pulogalamu yanu. Jekete lija lakhala pamsomali wathu mpaka lero.

Ndiloleni tsono ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kamzere kobiriwira kaja koonetsa mmene pulogalamu yanu ikulowera m'kompyuta. Kamayenda monyadira, kakatsala pang'onong'ono n'kubwerera chafutambuyo ngati kaona njoka. Apongozi akakonda kwambiri. Akuti kali ndi mtima wanga, kuyamba ndi liwiro, kumaliza ayi.

Chachiwiri, kabokosi kamanambala ndi zilembo zosamveka, pansi pake batani limodzi loti ndivomereze. Bwana, m'banja ndavomereza zambiri, koma kuvomera mlandu umene sindinauzidwe ndaphunzira kwa inu.

Chachitatu, munati malo achepa. Ndinafufuta nyimbo zanga, masewera, mpaka zithunzi za tsiku limene ndinavala mkanjo, umboni wokhawo woti ndinaphunzira. Malo atapezeka, pulogalamu yanu inati ndipemphe kaye chilolezo kwa woyang'anira kompyutayi. Nditawamasulira zimenezi, apongozi anangotembenukira kukhitchini kumene kunali mkazi wanga.

Ndazimitsa n'kuyatsanso. Ndatseka choteteza ku mavairasi, ndachotsa zonse n'kuyambiranso, ndauzira fulashi mpweya ngati ndikukoleza moto. Apongozi osadandaula. Amangokhala kumbuyo kwanga, chibwano pandodo, n'kumafunsa mwaulemu wolasa: "A Digiri, mkwatibwi wafika pati?" Ine n'kumati watsala pang'ono, bambo. Iwo amagona pabedi pathu, ine pasofa, ndipo msana wanga ukukupatsani moni.

Dzulo ndinawapeza okha pabalaza, akusisita fulashi ija ndi chala. Nthabwala zinandithera. Munthu wamkulu akungofuna kuona mwana wake atavala zoyera.

M'mawa uno atsitsa jekete lawo pamsomali. Akuti apita kwa mkamwini watsopanoyo, mwini ukwati, amene ndikumva kuti madigiri ali nawo awiri. Fulashi aibweza m'thumba, kompyuta yanga aipanira kukhwapa, poti kwa mnzangayo kulibe. Chitseko wawatsegulira ndi mkazi wanga, amenenso wawakulungira chingwe kuti chisakwawe pansi.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Kanemayo akaonere ndithu, adikira mokwanira. Koma pulogalamu yanu ikayambe yakana kumeneko, ngakhale kamodzi kokha, apongozi ali kumbuyo kwa mnzangayo, chibwano pandodo. Sindikukayika kuti mutha, pakuti ntchito imeneyi mumaidziwa kuposa ina iliyonse.

Ndikuwaona pawindo, akhota pakona tsopano.

Ine wanu wovomereza zonse,
Mkamwini wamkulu, wa digiri imodzi